Kansonga Kamene Indumati Anadula

Ku Raver kuno aliyense amalidziwa dzanja la Indumati Narkhede, ngakhale amene nkhope yake sanaionepo. Ukamufunsa mlimi kuti mbewu ya nthochi zonenepa chonchi anaitenga kuti, sakuuza dzina la kampani ayi, amangoti, "Ndi za dzanja la mayi uja wa kwa Attarde." Zaka makumi awiri ndi ziwiri mayiyu anakhala pampando umodzimodzi mu labu ya bambo Attarde, kuseri kwa siteshoni ya sitima, chovala choyera pamwamba pa nsalu yake ya sari, kansalu kukamwa, akusenda mphukira za nthochi.

Ntchitoyo ukangoimva umayesa masewera. Umatenga mphukira n'kumaisenda khungu ndi khungu ngati anyezi, mpaka pakatikati pomwe pali kansonga koti ndi maso okha sungakaone, koma pa maikulosikopu. Aliyense wobwera kudzaphunzira, Indumati ankamuuza mawu omwewo:

"Kansonga aka n'kakhanda. Maselo ake sanasankhe choti akhale, kaya tsamba, kaya muzu, kaya mtsempha. N'chifukwa chake kamodzi kokha, ukakalera bwino m'botolo, kamabala munda wathunthu. Koma ukangotsika pang'ono, kukula kwa tsitsi limodzi, wafika pomwe mitsempha yayamba kale, ndipo matenda amayenda m'mitsempha. Dula pamwamba. Tambiri tifera m'botolo, tileke tife. Kamene kapulumuke n'koyera."

Ndiye chaka chimene zokambirana za ukwati wa Manjiri zinayamba, mwana mmodzi yekhayo amene malemu mwamuna wake anamusiyira, pakati pa maso a Indumati panabwera kautsi. M'mbali ankaona bwinobwino. Koma akati achiyang'anitsitse chinthu, chinthucho chinkasungunuka. Anakwera basi yekha kupita ku Jalgaon, atanamiza anthu kuti akukaona nsalu za ukwati, ndipo dokotala anamuuza mosapsatira kuti shuga wadya mkati mwa diso, zapitazo sizibwerera. Anauza ndani? Palibe. Mukuwadziwa a kuchimuna kwathu kuno. Amafufuza banja la mtsikana mpaka chifuwa cha agogo ake, ndipo akangomva kuti muli matenda oyenda m'magazi, tiyi amamusiya pa theka n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo.

M'mwezi womwewo bambo Attarde anatulukira ndi mphukira makumi awiri zokulunga m'chiguduli, mano onse pamtunda. Zinachokera m'munda wina kutsidya kwa mtsinje wa Tapi womwe matenda a chisaka anali atautha, koma nthochi zake zisanadwale zinkabereka mikoko yoti amuna awiri ankanyamula akubuula.

"Mayi Narkhede, mtundu uwu usatifere. Utsukeni ndi dzanja lanulo."

Indumati anakhala pansi, anasenda, anaika diso pa maikulosikopu. Pomwe panayenera kukhala kansonga panali utsi. Anapukuta galasi, anapukuta diso, utsi uli pomwepo. Ndiye anadula mongomvera m'zala, ndipo poopa kuphonya anatsikirako pang'ono. Anadziwa kuti watsika. Dzanja la zaka makumi awiri silinamizika.

Pa tinsonga makumi awiri, nthawi zonse tinkapulumuka titatu kapena tinayi. Ulendo uno tinapulumuka khumi ndi tisanu ndi tiwiri, tonenepa, tophuka msanga. Bambo Attarde anagula maswiti a mkaka n'kugawira labu yonse. Rehana Tadvi, mnzake wa pampando woyandikana chiyambire, anamugunda ndi chigongono.

"Iwe Indu, wapita kwa sing'anga uti? Tiuzeko anzakofe, tatopa ndi kukwirira mitembo ya m'mabotolo."

Atafunsidwa zotumiza masamba ku Pune kuti akapimidwe, Attarde anangokupiza dzanja. Ati zaka zonsezi a ku Pune sanapezepo kanthu pa za mayi Narkhede, kudikira mayankho awo n'kutaya nyengo. Munthu mmodzi yekha mu labumo ndi amene ankadziwa chifukwa chimene timbewuto tinakondwera chonchi, ndipo munthuyo anadya switi yake n'kukhala chete. Ankadzilimbitsa mtima kuti mwina mphukirazo zinali zabwinobwino, si nthochi iliyonse ya m'munda wodwala imene imadwala.

Ukwati unachitika mu Febuluwale. Manjiri analowa m'nyumba ya a Phegade monga amalowera mtengwa aliyense, anagubuduza ndi phazi lamanja kachitini ka mpunga pakhomo, mpunga n'kumwazikira m'kati, anthu n'kuwomba m'manja. Ndipo bambo Attarde, mwa ubwino wa mtima wawo, abale inu, analengeza pamaso pa alendo onse kuti mbewu zikwi ziwiri zoyamba za mtundu watsopano zipita kumunda wa a Phegade ngati mphatso. Indumati akanakana bwanji? Akanati chavuta n'chiyani?

Mvula ya mu Juni itagwa, apongozi a Manjiri, mayi Kamalbai, anamutengera mtengwayo kumunda kuti abzale mbewu yoyamba ndi kuipondera dothi ndi phazi lomwe lija. Kwathu kuno chaka choyamba chonse chimakhala paphazi la mtengwa. Nkhokwe ikadzaza ndi phazi lake, denga likadontha ndi phazi lake. Mu Ogasiti njati yoweta ya mkaka ya a Phegade inatupa mimba n'kufa. Kamalbai anangoyang'ana pansi, pomwe panaima mpongozi wake, amene nthawi imeneyo anali kale ndi pakati.

Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Rehana anamukoka Indumati pamkono.

"Tabwera kushedi uone kanthu. Angawa ndi maso a nkhuku, ndikufuna a katswiri."

Mushedi ya ukonde munali mbewu zikwi makumi anayi za mtundu womwewo, m'timatumba takuda, zikudikira malole a Lolemba. Rehana anali atapatula zitatu n'kuziika pambali.

"Masamba ake akuima chilili, sakugwera m'mbali ngati anzawo. Ndipo taona kumsanaku. Si timizere timeneti?"

Indumati anagwira tsamba, analikwezera kudzuwa, analitembenuza uku ndi uku monga amachitira odziwa. Anaona kubiriwira m'mbali, utsi pakati. Koma zala zinamuuza zimene diso linakana. Tsambalo linali lolimba gwa, lopapatiza, m'mphepete mwake mukuthetheka.

"Ndi njala," anatero. "Zinali kumapeto kwa paipi, feteleza sankafikako."

"Eti? Ha, wanditula mwala. Mtima unali utayamba kale kuthamanga. Paja achimwene anga Salim alembetsa chikwi ndi theka. Azula thonje lonse, ati chaka chino ndi nthochi za Indu basi. Ndinawauza ndine, zikanavuta akanandidya wamoyo."

Asanatuluke mushedimo foni ya Indumati inalira. Anali Manjiri, mawu ali pansipansi ngati pali wina pafupi.

"Amayi, mungabwere mawa? Mudzaone munda."

"Wadwala? Mwana akusuntha?"

"Akusuntha. Mungobwera."

M'mawa mwake anakwera basi ya kumudzi kwa a Phegade, ulendo wa theka la ola womwe tsiku limenelo unatalika. Anapeza mkamwini wake Devendra atapita kumsika. Munthu wabwino Devendra, sindingamunenere zoipa, koma kufatsa kwake n'kwa ng'ombe yapangolo, imakhota komwe akoka chingwe amake. Kamalbai anali kukachisi. Manjiri anapereka madzi, anatenga ambulera, natsogolera amake kumunda.

Nthochi za miyezi inayi zimayenera kukufika pachifuwa, masamba atatambasuka. Zambiri zinali choncho. Koma apa ndi apo panali mipata, ndipo m'mipatamo munali tinthu tofika m'mawondo, masamba atathithikana pamwamba ngati tsache. Zimenezi Indumati anaziona ndi mbali ya diso. Manjiri anaima pa nthochi yoyamba ya mzere woyamba.

"Iyi ndi imene ndinaponda ine."

"Zilipo zingati zotere?"

"Sabata yatha khumi. Dzulo Devendra wawerenga makumi asanu ndi limodzi."

"Thyola tsamba. Ulitembenuze, uyang'ane kumsana kwake molunjika dzuwa. Undiuze zimene ukuona."

Manjiri anathyola, koma sanalikweze. Anayang'ana amake.

"Bwanji osaona nokha? Katswiri ndinu."

Kutali injini ya madzi inkagunda, khwangwala analira kamodzi n'kusiya.

"Amayi," anatero Manjiri pang'onopang'ono, "chiyambire ukwati mukamalankhula nane mumandiyang'ana pakhutu. Ine ndimayesa mukubisa misozi."

"Undiuze zimene ukuona, mwanawe."

Manjiri analikweza tsambalo. "Timizere tobiriwira kwambiri, tatifupi, todukaduka, ngati munthu wasoka n'kumadumphitsa ulusi. Pafupi ndi msana tikupindika ngati mbedza."

Chisaka. Panalibenso chokayikitsa. Matenda opanda mankhwala, oti nsabwe za m'masamba zimangowanyamula kuchoka pa nthochi iyi kupita pa iyo, ndipo mapeto ake n'kuzula munda wonse n'kutentha. Indumati anakhala pansi padothi lotentha, ndipo anaulula zonse: za utsi, za dokotala wa ku Jalgaon, za tsiku limene anatsitsa mpeni podula. Analankhula akulira, mayi wamkulu, mamina ali chuchuchu. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa zinali zodya wamkulu zikupota mwana, ndi mwana wa mwana yemwe asanabadwe n'komwe.

"Si phazi lako, Manju. Ndi ine. Ndikawauza apongozi ako lero lomwe."

Manjiri asanatsegule pakamwa, kunamveka zibangiri kumbuyo kwawo. Kamalbai ankabwera mumzere, wamfupi, wonenepa, utoto wofiira wa kukachisi ukadali wauwisi pachipumi.

"Asewere! Mwafikira kumunda, nyumba osaiona? Nanga pansipo mwakhaliranji, mipando tilibe?"

Indumati anadzuka akupukuta kumaso ndi nsonga ya sari. "Ndi dzuwali, asewere."

"Dzuwa la kuno silisewera. Mwaiona ntchitoyi? Yayambira pomwe anaponda mwana wanuyu." Ananena mosakweza mawu, ngati akunena za nyengo. "Musaope, ife si anthu a nkhanza. Phazi si mlandu, munthu sasankha lobadwa nalo. Ndachokera kwa ansembe. Ati Lachiwiri zisanu azisala, ndipo lomaliza tikamusambitse mapazi ndi mkaka ku Tapi. Likayera layera. Inenso langa analisambitsapo, ndikadali pano."

"Azisala ali ndi pakati?"

"Amwa madzi." Kamalbai anathothola tsamba lodwala n'kulipsinya m'manja. "Chimene sichisambitsika ndi chinyengo, asewere. Mukuwadziwa a nyumba ya buluu ija pokhotera basi? Anatenga mtsikana wa ku Yawal, makolo ake atabisa kuti amagwa khunyu. Zinadziwika ali ndi pakati. Anapita kwa amake kukachira monga mwa mwambo, ndipo palibe anapita kukamutenga. Mwanayo pano ali kusukulu, bambo ake sanamuonepo. Ine ndinati achita bwino. Nyumba yonama sukwatirana nayo, magazi ake amalowa mwa zidzukulu."

Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana Indumati mwachindunji.

"Koma poti katswiri mwabwera, tandiuzani. Devendra akuti mwina matendawa anabwera ndi mbewu. Ine ndamukalipira, ndati usanyoze mphatso. Mbewu ya m'botolo ingabwere ndi matenda?"

Indumati anayamba kulankhula. "Asewere, pali mawu amene ndiyenera..."

"Mbewu ya amayi anga sinadwalepo," Manjiri anadula, mawu ali phee. "Funsani Raver yense. Ndi phazi langa, amayi. Amayi angawa amafuna anene kuti mkaka wosambitsira abweretsa ndi iwo, poti njati yathu inafa."

Kamalbai anayang'ana mwana, anayang'ana mayi, nthawi yaitali ndithu. Kenako anamwetulira.

"Mwalera bwino, asewere. Tiyeni kunyumba, ndaotcha mabiringanya."

Indumati anadya bhakri, mkate wa ufa wa mapira, ndi mabiringanyawo osamva kukoma kulikonse. Masana Manjiri anamuperekeza pokwerera basi, akuyenda chopendekera kumbuyo, dzanja limodzi m'chiuno. Anadutsa nyumba ya buluu ija. Atafika pamtengo wodikirira, Manjiri anayang'ana uku ndi uku.

"Mwezi wamawa ndikubwera kwanu kudzachira. Mwana abadwa mu Januwale. Pakatha milungu isanu abwera kudzatitenga. Ndikadzangolowanso pakhomo paja mwana ali m'manja, mudzanene zonse, kaya pa wailesi. Kufikira tsiku limenelo, pakamwa panu pakhale potseka."

"Manju, mushedi muli zikwi makumi anayi. Malole akubwera Lolemba."

"Ndamva."

"Ndikawauza a Attarde okha, mwakachetechete."

"A Attarde aja? Amene anaimitsa ng'oma pa ukwati kuti alengeze mphatso? Akaletsa malole m'mawa, pofika masana nkhani ili m'khitchini mwa apongozi anga."

"Ndi minda ya anthu, mwanawe. Achimwene a Rehana azula thonje lawo lonse."

Apa Manjiri anapsa mtima, ndipo Indumati, amene sanamvepo mwana wake akumukwezera mawu, anachita mantha.

"Minda ya anthu mwaikumbuka lero? Tsiku munkadula lija munasankha ine. Munandikwatitsa ndi bodza lanu, ine osadziwa kanthu, ndakagubuduza mpunga pakhomo la eni ndikusekerera. Ndiye lero mwandifikitsa pakati pa mtsinje mukufuna mundisiye kuti mukakhale woyera? Ine ndisala Lachiwiri zisanu chifukwa cha inu. Inu simungasale mawu miyezi inayi chifukwa cha ine?"

Basi inafika ndi fumbi lake. Manjiri anawerama movutikira n'kukhudza mapazi a amake monga mwa ulemu, ndipo pokweza mutu mawu ake anali atafewa.

"Muzimwa mankhwala a shugawo, amayi. Ndipo mukamawoloka msewu muzigwira munthu."

M'basimo Indumati anawerenga ndi zala. Kwa a Phegade anabzala mu Juni, chisaka chaonekera mu Okutobala: miyezi inayi. Za Lolemba zikabzalidwa, minda ya anthu idzayamba kuonetsa mu Febuluwale. A Phegade adzabwera kudzatenga mtengwa wawo mu Febuluwale. Chidzayambe n'chiti? Anawerenganso, kuyambira chala china, n'kupeza zomwezo. Lamulungu lonse anakhala m'nyumba chitseko chotseka. Kawiri anatenga foni kuti aimbire Attarde, kawiri anaibwezera pansi.

Lolemba m'mawa malole asanu anali atandandalika pabwalo la labu, atavekedwa nkhata za maluwa achikasu, mbewu zitapakidwa kale m'makreti. Alimi anabwera ovala zoyera ngati kuli ukwati. Bambo Attarde anayendayenda akugwira anthu chanza, kenako anakweza manja kuti phokoso lithe.

"Kokonati yodalitsira ulendo woyamba sindiswa ine. Mtundu uwu unali utafa, anauukitsa ndi mayi awa. Mayi Narkhede, bwerani kutsogolo!"

Anthu anawomba m'manja. Wina anamuika kokonati m'manja, yolemera, madzi akuchita khuchukhuchu m'kati. Anayenda mpaka pamwala wa patsogolo pa lole yoyamba. Rehana anamutsatira n'kumugwira paphewa, akunong'oneza.

"Yoyambayi ikupita kwa achimwene, ndachita kumenyera nkhondo. Koma iwe Indu, ndapezanso zina zisanu m'mawa uno, masamba ali chilili. Ndaziponya kudzala a Attarde asanaone. Unati ndi njala, eti?"

Mpata unali pamenepo. Mawu anali pakhosi, okonzeka, ndipo akanangowatulutsa malole asanu aja akanazimitsa injini. Indumati anaona nyumba ya buluu, ndi mwana wa yunifolomu amene sanaonepo bambo ake. Anaona mapazi otupa a Manjiri ali m'madzi a Tapi.

"Ndi njala," anatero.

Anakweza kokonati ndi manja awiri n'kuimenyetsa pamwala. Inasweka pakati penipeni, zibenthu ziwiri zofanana, madzi n'kuthovokera pa matayala. Akuluakulu anafuula kuti ayi, kusweka kotere sikuonekaoneka, chaka chino kuli mwayi. Malole analiza mahutala n'kuyamba kutuluka pageti, imodzi imodzi, timasamba tikugwedera kumbuyo. Yoyamba inakhotera kumanzere, njira ya kwa Salim.

Rehana anabenthula kachidutswa ka kokonati n'kumuika mnzakeyo m'kamwa, akuseka.

"Idya, mfiti iwe. Nthochi yoyamba kupsa kwa achimwene ndidzakubweretsera ndekha. Tandiyang'ana, ukuliranji pa tsiku lako?"

Indumati anatembenuka. Sanamuyang'ane pakhutu monga ankachitira miyezi yonseyi. Anamuyang'ana pankhope penipeni, pomwe ankadziwa kuti saona kanthu.